Mwavula gauni, nde ntchito yoyamba muyipeza bwanji?

Tsiku la giraduweshoni limakoma, zimenezo palibe angatsutse. Masteni avala chitenje chatsopano, madala jekete yawo ya ku tchalitchi ija, azakhali achokera kumudzi ndi nkhuku m'manja, zithunzi mbwee pa WhatsApp. Koma pakangotha masabata atatu anthu aja abwerera kwawo, gauni mwabweza, nde mumadzuka mmawa n'kupeza kuti mulibe kopita. Ine ndinakhala miyezi 14 ndili pakhomo pa achimwene anga ku Area 25, kusesa, kuperekeza ana kusukulu, kudikira foni yosalira, ndipo ululu wake ndimaukumbukirabe mpaka lero. Pano ndagwirako ntchito zaka zingapo ndipo nthawi zina ndimakhala nawo pa gulu lofunsa anthu pa intavyu, nde zomwe ndilembe apazi ndi za mbali zonse ziwiri za tebulo. Ndikulembera inu achimwene ndi achemwali amene mwangomaliza kumene, kaya ndi ku Chanco, ku MUBAS, ku Bunda, ku Mzuni, ku MUST, ku KUHeS, ku Nguludi, kaya ndi dipuloma ya ku Soche Technical kapena ku Namitete, nkhani yake ndi imodzimodzi.

Yambani ndi mapepala, ntchito isanatuluke n'komwe. Anthu ambiri amayamba kuthamangathamanga akaona kuti tsiku lotseka ndi mawa, nde apeza kuti transcript sanakatenge, kusukulu kuli ngongole ya fizi yomwe ikutsekereza satifiketi, chiphaso cha NRB chinatayika kalekale. Konzani zonsezi pano pamene muli ndi nthawi yambiri. Satifiketi ya digiri kapena dipuloma, transcript, MSCE, chiphaso cha unzika, pangani mafotokope angapo mukadinditse kwa Commissioner for Oaths, amenewa amapezeka kukhoti kwa majisitireti kapena kwa maloya. Mukatero jambulani zonse bwinobwino zikhale PDF, osati chithunzi chopendama chojambulidwa pabedi chala chanu chikuoneka m'mbali, ndipo mudzitumizire nokha pa imelo kapena muziike pa Google Drive chifukwa foni imabedwa mu minibasi tsiku lililonse. Ngati satifiketi sinatuluke, kapempheni kalata kwa a Registrar yonena kuti munamaliza, malo ambiri amailandira.

Amene munaphunzira ntchito zokhala ndi bungwe loziyang'anira musachedwe kulembetsa. Anamwino ndi azamba ndi ku Nurses and Midwives Council, ma clinician ndi madokotala ku Medical Council of Malawi, a mankhwala ku PMRA, akauntanti ku ICAM, mainjiniya ku Malawi Engineering Institution, aphunzitsi ku Teachers Council. Popanda pepala limenelo apulikeshoni yanu amaiika pambali osawerenga n'komwe tsamba lachiwiri. Ndipo kanthu kena kamene anthu sakuuzani, laisensi yoyendetsera njinga yamoto. Ntchito zambiri za m'mabungwe za kumudzi, za ulimi, za ngongole zing'onozing'ono, amalemba poyera kuti munthu akhale wodziwa kuyendetsa njinga yamoto, nde ngati amalume akufunsani kuti ndikuthandize chani, mmalo mwa foni yatsopano apempheni akulipirireni imeneyo. Atsikana inunso, osamaiona ngati ya anyamata okha.

Tsopano CV. Masamba awiri akwana, olo limodzi ndi theka. Ndimaona ma CV a masamba asanu ndi limodzi a munthu amene sanagwirepo ntchito, tsamba loyamba lonse ndi mudzi, mfumu yaikulu, mtundu, mpingo, pulayimale yomwe anaphunzira Standard 1, zonsezi sizikuthandizani ndipo pena zimangopatsa munthu watsankho chifukwa chokusiyirani. Munthu amene akusankha amakhala ndi mulu wa makalata patebulo ndipo ntchito yake ina ikumudikira, nde maso ake amangothamanga kufuna zinthu zitatu, munaphunzira chani, munachitapo chani, ndipo akupezani bwanji. Nambala ya foni ikhale yomwe imagwira nthawi zonse, ngati kwanu netiweki imavuta ikani ziwiri ya Airtel ndi ya TNM. Imelo ikhale ya dzina lanu lenileni, ija munatsegula muli Form 3 ya dzina lachibwana isiyeni. Fayilo nayo ipatseni dzina lanu, osangoti CV final, chifukwa ikatsitsidwa pakompyuta imasochera pakati pa anzake mazanamazana a dzina lomwelo.

Funso lomwe limapweteka aliyense ndi lakuti ndilemba chani poti experience ndilibe. Muli nayo, kungoti simunaiwerengere. Atachimenti ija munapanga chaka chachitatu, teaching practice, ma clinical placement, risechi yanu ya chaka chomaliza yomwe munayenda nayo m'midzi kufunsa anthu n'kudzasanthula nokha pa SPSS kapena Excel, usungichuma wa kwaya kapena wa SCOM, kuphunzitsa ana a maneba masamu a MSCE, geni ya kaunjika yomwe inakulipirirani hostel, zonsezi ndi ntchito. Chofunika ndi kalembedwe. Osangoti ndinali pa atachimenti ku khonsolo basi, nenani kuti munkachita chani kwenikweni, munafunsa mabanja angati, munkasunga ndalama za anthu angati, ana omwe munawaphunzitsa anali angati ndipo zinatha bwanji. Koma manambalawo akhale oona. Bodza la pa CV limagwidwa mosavuta kwambiri, munthu walemba kuti amadziwa Stata, timupatse laputopu kuti tangotsegulani fayilo iyi, thukuta kamukamu. Bola kulemba zochepa zomwe mungaziikire kumbuyo.

Kalata yofunsira ntchito ilembedwe ya ntchito imeneyoyo. Ndikudziwa kuti zimatopetsa, komabe kalata imodzi yongosintha adiresi pamwamba imadziwika, ndipo kangapo ndawerengapo kalata yomwe mkati mwake munatsala dzina la kampani ina. Tengani chilengezo cha ntchitoyo, werengani mofatsa zomwe akufuna, nde pa mfundo zikuluzikulu zitatu kapena zinayi muonetse kuti inu munazichitapo kuti. Masiku ano ambiri akulembetsa makalata kwa ChatGPT, sindikuletsani kuigwiritsa ntchito pokonza chizungu, koma mukangokopera zonse dziwani kuti anzanu makumi asanu atumizanso kalata ya mawu omwewo ndipo wowerenga amazindikira pofika yachitatu. Tsatiraninso malangizo ang'onoang'ono aja, akati lembani dzina la ntchito pa envulopu kapena pa mutu wa imelo lembani, akati zonse zikhale mu PDF imodzi chitani choncho, anthu ambiri amagwera pomwepa asanapikisane n'komwe. Za ma referee, apempheni kaye. Lekichala amene anakuyang'anirani risechi, bwana wa komwe munali pa atachimenti, awa ndi abwino kuposa m'bale wanu kapena munthu wotchuka amene sakukudziwani. Muwatumizire CV yanu ndipo mukaitanidwa ku intavyu muwadziwitse, kuti foni ikawapeza asayambe ndi kufunsa kuti ameneyo nde ndani.

Kofufuza ntchito mukudziwa kale kwina. The Nation ndi The Daily Times amatulutsabe ntchito zambiri makamaka za boma ndi makampani akuluakulu, ndipo simukuyenera kugula nyuzi tsiku lililonse, ku National Library mumawerenga, kapena gwirizanani ndi munthu wa mu ofesi yomwe amalandira nyuzi azikujambulirani masamba a ntchito. Pa intaneti pali Careers MW, JobSearch Malawi, Myjobo, LinkedIn, ndipo za mabungwe akunja zimapezekanso pa ReliefWeb. Za m'boma zimadzera ku Civil Service Commission, Local Government Service Commission, Health Service Commission ndi Teaching Service Commission, zimatenga nthawi kuti ayitane nde mukaponya musakhale pansi kudikira. Palinso pologalamu ya boma ya ma intern yomwe inayamba mu 2018 pansi pa unduna wa zantchito, amatumiza achinyamata m'maunduna ndi m'makhonsolo, ndalama yake ndi yochepa koma mumatulukamo ndi chaka cha ntchito pa CV ndi anthu okudziwani. Mabanki, makampani owerengera ndalama ngati Deloitte ndi EY, ndi makampani ena akuluakulu amatenga ma graduate trainee nthawi ndi nthawi, amenewa muziwatchera khutu pamasamba awo chifukwa safuna experience, amafuna magiredi abwino ndi mutu wogwira.

Tinene zoona, kumabungwe kwavuta kuyambira pomwe boma la America linadula thandizo la USAID mu 2025, anthu odziwa ntchito a zaka khumi ali panja ndipo akulimbirana nanu timaudindo tomwe kale tinali ta ongoyamba kumene. Nde musaike mtima wonse pa NGO ya galimoto zoyera. Yang'ananinso kumene anzanu sakuyang'ana, makampani a ku Kanengo ndi ku Makata, ma estate a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, a nzimbe ku Nchalo ndi Dwangwa, ma SACCO, makoparetivu a alimi, zipatala za CHAM, sukulu zapulayiveti. Ndipo chonde lekani kusankha tawuni. Ntchito ya ku Lilongwe amafunsira anthu ankhaninkhani pamene ya ku Chitipa, ku Nsanje, ku Neno kapena ku Likoma ofunsira amachepa, ndipo kumeneko mumapatsidwa udindo weniweni msanga chifukwa anthu ndi ochepa, zaka ziwiri zokha mumabwerako mukudziwa zinthu zomwe mnzanu wa mtawuni akungozimvera.

Koma pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi apa. Pa anzanga onse omwe tinamaliza limodzi, ochepa kwambiri ndi amene ntchito yawo yoyamba inachokera pa chilengezo cha mu nyuzi. Ambirife tinalowera pa kaganyu, wina anationa tikugwira, n'kutikumbukira pomwe mpata unapezeka. Ine yanga inayamba ndi ganyu ya masabata atatu yofunsa mafunso m'midzi ya ku Dedza, tabuleti m'manja, kugona pa resitihausi yotchipa anthu atatu chipinda chimodzi. Ndinkaonetsetsa kuti mafomu anga ndatumiza madzulo aliwonse opanda zolakwika, ndipo supavayiza akafuna womuthandiza kuona mafomu a ena ndinkadzipereka. Patatha miyezi iwiri mayi amene anali supavayiza uja anandiimbira kuti kuli ganyu ina, kenako ina, kachitatu anandiuza kuti kukufunika munthu wa miyezi sikisi mu ofesi ndipo wapereka dzina langa. Intavyu ndinapangabe, koma ndinalowa m'chipindamo muli munthu mmodzi amene anaonapo kagwiridwe kanga ka ntchito, ndipo zimenezo zinaposa chilichonse chomwe ndinalemba pa CV.

Nde maganyu a kafukufuku musawapeputse. Ku Zomba kuli NSO, Centre for Social Research ndi IPOR, ku Blantyre kuli MLW, ku Lilongwe kuli UNC Project, ndi makampani ena ambiri a kafukufuku omwe amafuna ma enumerator, anthu ofunsa mafunso aja, pafupipafupi. Phunzirani KoboCollect ndi ODK, mapologalamu olembera mayankho a kafukufuku pa tabuleti, ndi zaulere ndipo pafoni pomwepo mutha kudzipangira fomu n'kumayeserera, masiku awiri mwadziwa. Ngati mumayankhula Chitumbuka, Chiyao, Chisena, Chilomwe, Chitonga kapena Chinkhonde lembani pa CV poonekera, pa ntchito zimenezi chilankhulo chimatha kukulowetsani pomwe wa distinction watsala. Kuphunzitsa pa sukulu yapulayiveti nakonso ndi ntchito olo munaphunzira zina, kumakuphunzitsani kuyima pamaso pa anthu ndi kusunga nthawi. Kugwira mongodzipereka kulinso bwino koma ikani malire, gwirizanani kuti ndi miyezi ingati, muzichita chani, ndipo pamapeto akupatsani kalata. Pali malo ena amene amangodyera achinyamata masuku pamutu chaka ndi chaka osawapatsa olo ya thiransipoti, mukaona kuti miyezi sikisi yatha simukuphunzirapo kanthu katsopano ndipo palibe akukamba za tsogolo lanu, tsanzikani mwaulemu.

Anthu amati pa Malawi pano ntchito ndi konekishoni, ndipo sindinganame kuti kukondera kulibe, kulipo ndipo kumawawa. Koma pali kusiyana pakati pa katangale ndi kudziwika. Kuti mwana wa bwana alembedwe ntchito asakuyenera ndi katangale. Kuti munthu amene anakuonani mukugwira ntchito bwino akutchuleni pomwe akufuna munthu, kumeneko ndi kudziwika, ndipo aliyense atha kuzipangira olo makolo ake akhale alimi a kumudzi ngati anga. Vuto ndi loti ambirife ulova umatichititsa manyazi nde timabisala, kutchalitchi kapena kumzikiti tasiya kupita, ku ukwati sitikupezeka, gulu la WhatsApp la kalasi tatulukamo chifukwa anzathu akuponya zithunzi za mu ofesi. Mukabisala palibe akukumbukireni. Anzanu amene ayamba kale ntchito aja ndi amene amamva msanga kuti kwawo kukufunika munthu, nthawi zambiri chilengezo chisanatuluke.

Kapemphedwe nakonso kali ndi nzeru yake. Uthenga woti bwana mundipezereko ntchito iliyonse umamulemetsa munthu, sadziwa poyambira nde amangoyankha kuti tiona. Mmalo mwake nenani zomveka, mwachitsanzo kuti amalume, ndamaliza za Environmental Health, ndikufuna poyambira pa ntchito za madzi ndi ukhondo olo kukhale kuboma lakutali, CV yanga ndi iyi, mukamva kanthu kapena ngati pali munthu amene ndingakacheze naye mundidziwitse. Pamenepo mwamupatsa chinthu choti atha kuchita. Ndipo kupempha malangizo kumatsegula zitseko zambiri kuposa kupempha ntchito, munthu wamkulu mukamuuza kuti ndikufuna mphindi khumi zokha mundiuze mmene munayambira ntchito imeneyi, ambiri amavomera ndithu, safunsa anadya phula paja. Akakuthandizani bwererani kukawauza mmene zayendera, anthu amakhumudwa ndi wachinyamata amene amangowakumbuka pomwe akufuna kanthu.

Tsopano chenjezo, ndipo apa ndikupemphani mumvetsetse. Ntchito yeniyeni salipiritsa. Aliyense amene akuti tumizani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ya fomu, ya medical, ya yunifolomu, yoti dzina lanu lilowe pa mndandanda, ameneyo ndi wakuba, olo atchule dzina la bungwe lalikulu, olo kalata yake ikhale ndi chidindo chokongola. Ine ndinaberedwapo ndalama yomwe achimwene anandipatsa, munthu anaimba ndi mawu aulemu kwambiri kuti ndasankhidwa ndipo pakungofunika ya maphunziro oyambira, nditangotumiza nambala ija inazima. Muziona imelo yomwe akuti mutumizeko, bungwe lalikulu siligwiritsa ntchito Gmail polemba anthu, ndipo ngati mukukayika pitani pa webusaiti yawo kapena ku ofesi kwawo mukafunse. Wogwira ntchito m'boma akakupemphani kangachepe kuti akulowetseni, nkhani imeneyo ndi ya ku ACB. Achemwali anga, bwana amene akuti tikakambirane za ntchito yanu ku loji madzulo sakukupatsani ntchito, akufuna kukugwiritsani ntchito, sungani mauthenga akewo ndipo uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, cholakwa si chanu. Za ntchito zakunja nazonso samalani, nkhani ya amayi achimalawi omwe anakazunzika ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino tonse tinaimva, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Musanapereke pasipoti kwa ejenti aliyense kafunseni ku ofesi ya zantchito ngati ndi wovomerezeka, ndipo kontirakiti muione ndi maso anu muli konkuno.

Foni ija ikadzalira kuti bwerani ku intavyu, funsani modekha malo enieni, nthawi, zoti mubweretse, komanso ngati padzakhale mayeso olemba. Ngati ndi mzinda wina pitani dzulo lake mukagone kwa wachibale, minibasi yodikira kudzaza sidziwa kuti inu muli ndi intavyu 8 koloko, ndipo masiku ovuta mafuta zimanyanya. Zovala zikhale zoyera zositidwa basi, suti yobwereka yosakukwanani siyofunika. Tengani masatifiketi enieni mu envulopu yolimba ndi cholembera. Ikakhala ya pa Zoom kapena Teams, tchajani foni ndi laputopu mokwanira poti magetsi atha kuthima nthawi ina iliyonse, gulani bandulo yokwanira, yesani malo omwe netiweki imakoka bwino dzulo lake, ndipo auzeni apakhomo kuti ola limenelo wailesi ikhale yozima.

Kukonzekera kwenikweni ndi kuwadziwa amene akuitananiwo. Amachita chani, amagwira m'maboma ati, ndalama amazipeza bwanji, posachedwapa achita zotani. Funso loyamba nthawi zambiri ndi loti tiuzeni za inu, ndipo apa safuna mbiri ya kubadwa kwanu, akufuna mphindi ziwiri za zomwe munaphunzira, zomwe mwachitapo, ndi chifukwa chomwe mukuyenerera ntchito imeneyi. Yeserani mokweza mawu pamaso pa mnzanu mpaka lilime lizolowere, chifukwa chizungu cha mumtima ndi cha pakamwa ndi zosiyana. Konzekeraninso tinkhani titatu tinayi ta zomwe zinakuchitikiranidi, nthawi yomwe munasemphana ndi mnzanu pagulu n'kukonza, nthawi yomwe munalakwitsa n'kuphunzirapo, nthawi yomwe ntchito inachuluka koma munamaliza, mafunso ambiri amayankhidwa ndi tinkhani timeneti. Chinthu china, ife tinaleredwa kuti pamaso pa akuluakulu uziyang'ana pansi ndi kuyankhula motsitsa, ndi ulemu wabwino kunyumba koma mu intavyu umaoneka ngati mantha kapena kusadziwa, nde dzutsani mutu, yang'anani amene wakufunsani, mawu amveke. Funso lomwe simukulidziwa nenani kuti ili sindinakumane nalo koma ndingayambe motere, kusiyana n'kuzungulirazungulira. Excel iphunzireni ndithu musanaitanidwe, kusanja, kusefa, ma formula oyambirira ndi pivot table, malo ambiri akumayesa zimenezi ndipo ndaona anthu a magiredi apamwamba akugwa pomwepa.

Akafunsa za malipiro musati chilichonse chomwe mungandipatse bwana. Fufuzani kaye kwa anthu a ntchito yofananayo kuti mudziwe mlingo wake, nde mutchule kuyambira apa mpaka apa, n'kuonjezera kuti ndinu okonzeka kukambirana. Mukapanda kutengedwa lirani tsiku limodzi ngati pakufunika kutero, kenako lembani mafunso onse omwe anakufunsani mukadawakumbukira, chifukwa ambiri mwa iwo mudzakumana nawonso.

Miyezi yodikirayi imadya munthu mumtima, tisabise. Mafunso a achibale oti nanga ntchito ija, mng'ono wanu kukupemphani ya sopo inu mulibe, kuona ngati sukulu yonse ija inapita pachabe. Chimene chinandithandiza ine ndi kuisandutsa ntchito nkhani yofufuza ntchitoyo, kudzuka nthawi imodzi tsiku lililonse, kusamba, maola atatu a mmawa kufufuza ndi kulemba, ndi kope lomwe ndinkalembamo komwe ndaponya, tsiku, ndi zomwe anayankha, kuti foni ikabwera ndisadabwe kuti awa nde ati. Masana ndinkachita kageni kogulitsa mazira kuti ndizipeza ya bandulo ndi ya fotokope osapempha. Geni siyolepheretsa kufuna ntchito, ndipo ena mwa anzanga geni yomweyo inakula mpaka analembetsa bizinesi osafunanso kulembedwa. Maganizo akakuchulukirani mpaka tulo kusowa, kapena mwayamba kuthawira ku mowa ndi kubetcha, kapena mukuganiza zodzipweteka, chonde uzani munthu, mnzanu, abusa, shehe, kapena pitani kuchipatala, musazisunge nokha.

Tsiku lomwe adzakuuzeni kuti mwatengedwa, sangalalani koma musasiye kaganyu kanu kapena kusamuka musanagwire kalata m'manja, lonjezo la pafoni limatha kusintha. Kalatayo iwerengeni yonse musanasaine. Onani ngati ndalama yalembedwayo ndi yomwe muzilandira m'manja kapena ndi yosachotsera, chifukwa pamenepo pachoka msonkho wa PAYE wopita ku MRA ndi 5 peresenti yanu ya penshoni, olemba ntchito nawo amayenera kuikapo 10 peresenti yawo, ndipo pakapita miyezi ingapo mudzafunse sitetimenti kuti muone ngati ndalamazo zikupitadi. Onani kutalika kwa kontirakiti, masiku a tchuthi, notisi, ndi nthawi yoyesedwa, yomwe malinga ndi Employment Act siyenera kupitirira miyezi 12. Ngati munaphunzira ndi ngongole ya Loans Board auzeni a HR poyamba pomwe kuti muyambe kubweza mwadongosolo, ndalama imeneyo ndi yomwe ikudikiridwa ndi ang'ono athu omwe ali m'makalasi pano. Achibale nawo auzeni zoona za kukula kwa salale yanu msanga, apo ayi aliyense adziwerengera gawo lake inu musanalandire n'komwe.

Ndipo funsani tsiku lomwe amatseka payroll. Mukayamba ntchito pakati pa mwezi atatseka kale, mutha kugwira masabata asanu kapena sikisi musanaone ndalama yoyamba, pamene thiransipoti, nkhomaliro ndi lendi zikufunika tsiku ndi tsiku, m'boma nde pena zimatenga nthawi yotalikirapo kuti dzina lilowe. Tsegulani akaunti ya kubanki msanga, perekani mapepala onse omwe a HR akufuna sabata yoyamba yomweyo, ndipo kambiranani ndi wachibale mmodzi kuti akugwireni dzanja mwezi woyambawo mudzabweze mukalandira, kusiyana n'kukagwa m'manja mwa akatapila ntchito musanaizolowere.